Matikiti awiri a basi imene sitinakwere

Matikiti aja ndidakali nawo. Ali mu envelopu ya khaki pamodzi ndi mapepala a kukhoti, ndipo inki yake yayamba kufufutika. Ndinawagula Lachitatu masana ku Park Station mu Johannesburg, imodzi yanga, inayo ya mwana wanga wamkazi amene pa nthawiyo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Basi inali yonyamuka Loweruka m'mawa. Ndinakonza zoti bambo ake akamabwera kudzamutenga Lamlungu apeze chitseko chokhoma, ife titawoloka kale Beitbridge.

Zimene zinathetsa banja lathu sindizilemba pano, chifukwa tsiku lina mwanayo adzakula n'kuwerenga. Chofunika kudziwa n'chakuti mwamunayo ndi nzika ya South Africa, ine ndine wobwera. Tinakwatirana mwalamulo, ndipo pemiti yanga yokhalira ndi kugwirira ntchito inali yodalira ukwatiwo. Mwana anabadwira komweko, ndi nzika ya komweko kudzera mwa bambo ake. Tsiku limene ndinatuluka m'nyumba, mawu amene anandiperekeza nawo pakhomo anali akuti, "Pita, koma udziwe kuti ndiwe mlendo kuno. Pepala lako lili m'manja mwanga. Mwanayu ndi wa dziko lino, iwe udzakwera basi wekha."

Ndinakhulupirira. Milungu itatu ndinkagona maso ali gwa m'kachipinda kamene ndinachita lendi, mwana ali pambali panga, ndikumvetsera phazi lililonse lodutsa panja. Ndikaimbira amayi anga kwathu, iwo yankho linali limodzi: "Mwana wanga, usadikire kuti akulande. Bwera naye kuno mdzukulu wangayo, zinazo tidzaonera konkuno." Sindiwaimba mlandu. Ankalankhula ngati mayi amene mwana wake akulira patali. Ndipo kunena zoona, maganizo amenewo ndinali nawo kale iwo asananene.

Amene anandigwira mkono ndi mayi wina wachikulire amene tinkapemphera naye limodzi. Ndinapita kukawatsanzika Lachinayi madzulo, mwachinsinsi, n'kuwaonetsa matikiti. Anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Achemwali, kalata yochokera kwa bambo ake muli nayo?" Ndinati kalata yanji, mwana ndi wanga, ndinabereka ndine. Iwo sanatsutse. Anangoti mawa m'mawa ndivale bwino, tipite kwinakwake, ndikakamva za kumeneko n'kufunabe kukwera basi, adzandinyamulira chikwama okha mpaka pa siteshoni. Safunsa anadya phula, anatero akutseka chitseko.

Kumene ananditengera ndi ku ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo mwaulere. Loya amene tinamupeza anali mtsikana wamng'ono kwa ine, moti poyamba ndinamuderera. Anatenga pepala n'kulemba mawu anayi, n'kundiuza kuti lamulo loona za ana ku South Africa, Children's Act 38 ya 2005, silifunsa kuti mwana ndi wa ndani ngati mmene timafunsira za mbuzi. Limagawa udindo wa kholo m'zigawo zinayi. Pali kusamalira mwana tsiku ndi tsiku, kumene amakutchula kuti care. Pali kuonana ndi kulankhulana naye, contact. Pali kumupezera zofunika pa moyo, maintenance. Ndiye pali guardianship, mphamvu yovomereza zinthu zikuluzikulu zokhudza moyo wa mwanayo. Makolo okwatirana amakhala ndi zinayi zonsezi onse awiri, ndipo banja likatha sizingochoka zokha. Khoti likhoza kunena kuti mwana azigona kwa uyu masiku ambiri, koma kawirikawiri guardianship imatsala kwa onse awiri.

Ndinamufunsa kuti nanga poti ine ndine wobwera? Anati m'lamulo limenelo mulibe pamene palembedwa kuti kholo lobwera ndi theka la kholo. Malamulo aakulu a dzikolo, pa gawo 28, amati m'nkhani iliyonse yokhudza mwana, chopambana zonse ndi ubwino wa mwanayo. Pasipoti ya mayi kapena ya bambo si imene imaweruza. Mtima unatsika pang'ono. Koma sanandisiye ndisangalale, anapitiriza kuti mpeni umenewu ndi wakuthwa konsekonse: monga mmene bambo ake sangandichotsere mwana chifukwa ndine mlendo, inenso sindingamuchotse m'dzikomo chifukwa ndine mayi. Gawo 18 la lamulo la ana lija limati kuti mwana atuluke m'dziko, kapena kuti apangidwe pasipoti, onse amene ali ndi guardianship avomereze, pokhapokha khoti litalamula mwina. Kutulutsa mwana popanda chilolezocho ndi mlandu. Pachipata amafuna kuona setifiketi ya kubadwa yoonetsa makolo onse awiri, kalata ya chilolezo ya kholo limene latsala, ndi fotokope ya chiphaso chake. Ine ndinalibe chilichonse mwa izi kupatula setifiketi.

Apa ndiulule kupusa kwanga. Ndinali nditamva kale kuti pali anthu amene amawolotsa ana m'njira zachidule ukawapatsa kenakake, ndipo ndinali nditasunga ndalama yake. Loya uja anangondifunsa kuti, "Mayi, mwakonzeka kupereka mwana wanu wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi m'manja mwa anthu amene ntchito yawo ndi kuzembetsa anthu usiku?" Sindinayankhe.

Kenako anandifotokozera za pangano la mayiko limene linapangidwa ku The Hague mu 1980, lokhudza ana otengedwa ndi kholo limodzi kupita nawo dziko lina popanda chilolezo. South Africa inalowamo mu 1997. Panganoli limagwira ntchito pa ana osakwana zaka 16, ndipo mfundo yake ndi yosavuta kumva: mwana abwezedwe msanga kudziko limene amakhala nthawi zonse, kuti khoti la kumeneko ndilo ligamule za amene azikhala naye. Silifunsa kuti kholo labwino ndi liti. Silifunsanso kuti mwana ndi nzika ya kuti. Limafunsa kumene mwanayo amagona, kumene amaphunzira, kumene moyo wake unazika mizu. Ndipo limagwira pakati pa mayiko awiri pokhapokha onsewo atamangana m'panganolo.

Atandiuza kuti dziko lakwathu silili m'panganoli, nkhope yanga inawala. Ndinati ndiye kuti ndikangofika kwathu palibe angandikhudze. Iye anagwedeza mutu. Anati n'zoona kuti bambo ake zikhoza kuwavuta kubweza mwanayo, ngakhale akhozabe kukasuma ku khoti la kwanuko. Koma taganizani za mawa. Inu simudzapondanso kuno osaopa kumangidwa. Mwana adzakula ali nzika ya dziko limene mayi ake sangamuperekezeko. Pasipoti yake ikatha, adzasainira yatsopano ndani? Ndipo chachikulu, anati, kusakhala m'panganoli kukupwetekani inuyo ngakhale mutapanda kuthawa, chifukwa tsiku limene mudzapemphe kupita naye kwanu kutchuthi chabe, mbali inayo idzauza woweruza kuti akapita sabweranso ndipo palibe njira yomubwezera. Zimenezi zinachitikadi ndendende, koma ndifikako.

Malamulo amenewa amasiyana dziko ndi dziko, tsono amene muli kwina musatengere zanga. Msuweni wanga ali ku England, ndipo kumeneko, kholo limene khoti linanena kuti mwana azikhala nalo likhoza kutuluka naye m'dziko kwa nthawi yosakwana mwezi umodzi popanda kupempha mnzake. Ku South Africa mwayi woterowo suungoutenga wekha. Chimene ndaona kuti chimafanana m'mayiko ambiri ndi chakuti khoti la kumene mwana amakhala ndilo limakhala ndi mphamvu pa nkhani yake, osati la kumene iwe unabadwira.

Nkhani ya pemiti ndiyo inkandidya kwambiri, ndipo apa mwamuna uja sananame kotheratu. Pemiti ya mkazi kapena mwamuna wa nzika imaima pa ukwati, ndiye ukwati ukatha nayonso imagwa. Kwa zaka zambiri makolo obwera ankayenera kusiya ntchito ndi kutuluka m'dziko, kukapempha pepala lina ali kunja, ana atawasiya m'mbuyo. Koma mu December 2023, khoti lalikulu loona za malamulo a dziko, Constitutional Court, pa mlandu wodziwika ndi dzina loti Rayment, linagamula kuti zimenezi n'zosemphana ndi ufulu wa ana ndi ulemu wa makolowo. Kholo lobwera limene likusamalira mwana amene ndi nzika, kapena amene ali ndi chilolezo chokhaliratu, liloledwe kupempha pepala lina lili m'dziko momwemo, ndiponso lizigwira ntchito kuti lidyetse mwanayo. Nthawi imene ine ndinkakhala pa mpando wa loya uja, chigamulochi chinali chikadali chatsopano, ndipo mwamuna wanga anali asanachimve. Chenjezo ndi lakuti nthawi yoperekera pempho latsopano banja likatha ndi yowerengeka. Musakhale mukulira miyezi ikudutsa. Ndiponso musalole pemiti ithe muli chete: wopitirira masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, wopitirira kuposa pamenepo amaletsedwa zaka zisanu. Kwa kholo, zaka zisanu ndi mwana wa sitandade 1 kufika sitandade 6 osamuona.

Chimene ndimadziimba nacho mlandu mpaka lero n'chakuti munthu amene wakhala pa ukwati ndi nzika kwa zaka zisanu akhoza kupempha chilolezo chokhaliratu. Ine zaka zisanu zinakwana, ndinangoti ndidzapanga, ndidzapanga. Banja likamakoma suganiza za mapepala.

Loweruka lija linafika. Ndinadzuka m'mamawa monga munthu wa paulendo, ndinakhala pabedi ndi matikiti m'manja mpaka nthawi ya basi inadutsa. Lamlungu bambo ake anabwera, ndinamuveka mwana juzi n'kumupereka. Manja ankanjenjemera. Anabwera naye madzulo, pa nthawi imene tinagwirizana.

Ku South Africa khoti silithetsa ukwati wa anthu amene ali ndi ana lisanakhutire kuti za anawo zakonzedwa bwino. Makolo akamakangana, nkhani imapita ku ofesi ya Family Advocate. Imeneyi ndi ofesi ya boma, siilipiritsa, ndipo siimira mayi kapena bambo. Imaimira ubwino wa mwana. Kumeneko kumakhala loya ndi mlangizi wa za mabanja, amafunsa makolo onse awiri, amacheza ndi mwana, kenako amalemba lipoti lopita kwa woweruza. Woweruza sakakamizidwa kulitsatira, koma amalimvera kwambiri.

Ndinapita kumeneko nditanyamula masamba anayi a zoipa za mwamuna wanga. Ndinalemba usiku wonse, ndi madeti omwe. Mlangiziyo, mayi wa magalasi opachika pa chingwe, anandisiya ndiwerenge tsamba loyamba lonse. Nditapuma anandifunsa kuti mwana amadzuka nthawi yanji. Kenako, aphunzitsi ake ndi ndani. Akatentha thupi usiku amapita naye kuchipatala ndani. Amaopa chiyani. Mnzake wapamtima ndi ndani. Inuyo mukakhala kuntchito Loweruka amatsala ndi yani. Mafunso amenewa ndinayankha osaganiza n'komwe, chifukwa ndiwo moyo wanga. Ndinatulutsa kabuku ka kuchipatala, kaja amakatcha Road to Health, kodetsedwa m'makona, katemera aliyense atadindidwa. Ndinatulutsa malisiti a yunifolomu ndi mauthenga a aphunzitsi a pa WhatsApp. Masamba atatu otsala aja sanawafunse, inenso ndinawabweza m'chikwama mwakachetechete. Anthu amenewa sanabwere kudzaweruza ukwati wanu. Zoipa za mnzako zimalowa pokhapokha zikukhudza mwana, monga nkhanza, kuledzera ali ndi mwana, kapena kumusiya yekha.

Ndiye panabwera funso limene sindinalikonzekere: "Kodi bambo ake amachita bwino pa chiyani?" Ndinakhala duu. Pakamwa panauma. Koma ndinadziwa kuti ndikati palibe, ndanama, ndipo mayiyo adziwa. Ndinati amamuthandiza masamu, ndipo sanamumenyepo. Pambuyo pake loya wanga anandiuza kuti funso limenelo limayesa ngati ungalole mwana kukonda kholo linalo.

Lamulo limati mwana amene wafika msinkhu womvetsa zinthu amvedwe maganizo ake. Sikuti amasankha yekha, ayi, koma amamvedwa. Wanga analowa yekha m'chipinda china momwe munali makrayoni ndi zidole. Atatuluka anandionetsa chimene anajambula: nyumba ziwiri, pakati msewu, pamsewupo kamunthu kali pa njinga. Ndinamufunsa kuti akupita kuti kamunthuko. Anati, "Konsekonse, amayi." Njingayo anamuphunzitsa kupalasa ndi bambo ake. Ndinapita kuchimbudzi kukalira, osati chifukwa chokhumudwa naye, koma chifukwa ndinaona msewu umene ndinatsala pang'ono kuudula ndi matikiti awiri, ndikudziuza kuti ndikumupulumutsa.

Matikitiwo sanabisike. Mwana sasunga chinsinsi, ndipo si bwino kumusenzetsa. Anali atawauza kale bambo ake kuti amayi anagula tikiti ya basi yaikulu. Loya wa mbali inayo anaigwira nkhaniyo ndi manja awiri, n'kunena zomwe zija ndinachenjezedwa: mayiyu akhoza kuthawa, kwawo kulibe pangano lobwezera ana. Nditafunsidwa sindinakane. Ndinati ndinagula, ndinali ndi mantha, sindinakwere, ndipo tsiku lotsatira ndinamupereka mwana kwa bambo ake ndi manja anga. Ndikhulupirira kuti kuvomera kumeneko kunandithandiza kuposa mmene bodza likanachitira. Komabe ndinalipira. Pa mgwirizano wathu analembamo kuti pasipoti ya mwana izisungidwa ndi bambo ake, ndipo chaka choyamba chonse ndisatuluke naye m'dziko.

Mgwirizano umenewu amautcha parenting plan. Umalembedwa, nonse mumasaina, ndipo ukhoza kulembetsedwa kwa Family Advocate kapena kusandutsidwa lamulo la khoti. Wathu unati mwana azikhala ndi ine masiku a sukulu, azipita kwa bambo ake kumapeto kwa mlungu modumphitsa, matchuthi tizigawana pakati. Kwa kholo lobwera, malangizo anga ndi akuti musavomere mawu ongoti "adzaloledwa kuyenda naye pogwirizana." Tsiku limene mwakangana, kugwirizanako kulibe. Lembani zenizeni: kangati pa chaka, masiku angati, mudziwitsane kutatsala milungu ingati, kalata ya chilolezo isainidwe pofika liti, pasipoti iperekedwe liti ndi kubwezedwa liti, ndipo wina akakana popanda chifukwa zitani. Ife tinaikamonso zoti ndizionetsa tikiti yobwerera, adiresi ya kumene tikafikire, ndi kuti mwana aziimbira bambo ake pa vidiyo masiku awiri alionse. Tinalembamonso za chilankhulo, kuti palibe woletsa mwana kulankhula cha mayi ake kapena cha bambo ake. Ena anaseka, koma ine ndinaumirira.

Ndalama zothandizira mwana zili ndi khomo lakelake. Khoti lililonse la majisitireti limakhalanso khoti la nkhani zimenezi, ndipo sufunika loya kuti ukadandaule. Umapita ndi malisiti ndi umboni wa malipiro ako, chifukwa udindowo ndi wa makolo onse awiri molingana ndi mapezedwe awo. Panali miyezi iwiri imene bambo ake sanatumize kalikonse, ndipo mtima unkandiuza kuti Lachisanu likafika ndisamupereke mwana. Loya anandiletsa mwamphamvu. Ndalama ndi kuonana ndi mwana ndi nkhani ziwiri zosiyana. Kholo limene likuletsa mnzake kuona mwana mosemphana ndi lamulo la khoti likhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka chaka chimodzi. Ngakhale kusamuka nyumba kumene, uyenera kumudziwitsa mnzako adiresi yatsopano polemba. Kwa munthu amene pepala lake lokhalira m'dziko likudikira yankho, mlandu wotere ndi kudzikumbira dzenje.

Abambo amene munabereka ndi nzika koma simunakwatirane, musaganize kuti mulibe mawu. Gawo 21 la lamulo la ana lija limapereka udindo wonse kwa bambo amene ankakhala ndi mayiyo ngati banja pamene mwana ankabadwa, kapena amene anavomera kuti ndi bambo wake ndipo wakhala akuthandiza kulera ndi kupereka ndalama. Umboni ndiwo umavuta. Ndalama ya m'manja siisiya phazi, tsono tumizani pa banki kapena sungani mauthenga, ndipo onetsetsani kuti dzina lanu lili pa setifiketi ya kubadwa. Kwa amene mukumenyedwa, sindikunena kuti khalani m'nyumbamo podikira makhoti. Tulukani ndi mwana mupite pamalo otetezeka m'dziko momwemo, mukatenge chiletso cha khoti kwa majisitireti tsiku lomwelo. Kuchoka m'nyumba ndi kuwoloka malire ndi zinthu ziwiri zotalikirana. Thandizo laulere lilipo ku Legal Aid South Africa, amene amayamba aona mapezedwe ako, komanso m'maofesi a zamalamulo a m'mayunivesite.

Kubwerera kwathu kokakhaliratu ndi mwana n'kotheka, koma njira yake ndi chilolezo cha bambo ake kapena cha khoti. Woweruza amafuna kuona kuti sukupita pofuna kulanga mnzako, kuti wakonza sukulu, nyumba ndi ntchito, ndiponso kuti mwana azionana bwanji ndi kholo lotsalalo, ndalama ya maulendo azilipira ndani. Ine pakadali pano sindinapemphe. Ndikayang'ana kamunthu ka pa njinga kaja, kamene ndinakamata pa chitseko cha firiji, ndimaona kuti nthawi yake siinakwane.

Chaka chija chitatha, ndinalemba uthenga wopempha tchuthi cha masiku khumi ndi anayi, monga mmene mgwirizano unanenera. Bambo ake anakhala masiku atatu osayankha. Tsiku lachinayi anabwera ndi pasipoti ndi kalata atasaina kale, n'kunena kuti, "Mukafike bwino. Muwapatse moni amayi." Tinakwera basi pa Park Station pomwe paja. Tinafika pa Beitbridge usiku, mwana ali m'tulo paphewa panga, dovu likutsikira pa bulauzi. Wapachipata anatenga mapepala onse, anawerenga kalata ija mzere ndi mzere, anayang'ana setifiketi, n'kundiuza kuti ndimudzutse. Anamufunsa dzina lake, anamufunsa kuti mayi awa ndi ndani, kenako anamufunsa kuti bambo ake akudziwa kuti akupita kuti. Mwana anatikita m'maso n'kuti, "Eee, andiuza kuti ndikawajambule agogo." Chidindo chinalira kawiri, ndipo tinabwerera m'basi.